Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu

Tilipo anayi m'chipinda chotsukira magazi
pachipatala cha ku Białystok,
aliyense atatambasula mkono
ngati akudikira chenji.
Makina akung'ung'udza pambali pa bedi,
kugwira ntchito imene impso zathu zinatula pansi.
Maola anayi, kothawira kulibe.
Ndiye timakangana.

Rimoti imakhala kwa a Zdzisław
chifukwa anayamba kudwala ife tisanayambe;
akuti ukulu ndi umenewo.
Akatsegula kanema woyamikira boma
mayi Wiesława amatembenukira kukhoma:
"Bodza lija ladzuka."
Akalakwitsa batani n'kugwera kwa otsutsa
amadzudzula chala chawo chomwe:
"Awa ndiye anagulidwa kalekale."
Ine ndinayendetsa basi zaka makumi atatu ndi chimodzi.
Ndimadziwa kuti wokwera aliyense
amaidziwa njira kuposa dalaivala.

Lero aonetsa mpanda wa kumalire,
waya waminga m'nkhalango, chipale chofewa,
bambo wina atakumbatira jumbo pachifuwa.
"Atseke basi," akutero a Zdzisław,
"nyumba yopanda chitseko ndi msika."
Mayi Wiesława osatembenuka n'komwe:
"Mng'ono wanu uja ali ku Chicago
analowera chitseko chiti?"

Mdzukulu wa mayiwa ndi msilikali kumpanda komweko.
Amamulukira masokosi ndi dzanja losabayidwalo
atapanira ulusi pabondo,
ndipo akasinja akaoneka pakanema
amawerengetsa mokweza
impso zingati zikanatsukidwa ndi mtengo wa tayala limodzi.
"Akasinja alibe matayala, mayi," akutero Borys.

Borys ndiye mwana pakati pathu,
maso sachoka pafoni.
Akuti nkhondo yamasiku ano ndi ya tindege topanda munthu,
akuti posachedwapa makina awa
tizidzayenda nawo m'thumba la jekete,
akuti kanema amaonera ndi okalamba okha.
Koma sewero la masana lija likayamba,
la dokotala wa akazi awiri,
foni ija imagona chafufumimba.

Iye ali pamndandanda wodikira impso yatsopano.
A Zdzisław anamufunsa tsiku lina:
"Nanga ikadzakhala ya munthu wa chipani chinacho?"
"Ndidzaiphunzitsa kuvota," anayankha.
Tinaseka mpaka makina anga analiza belu.

Daryna akulowa ndi thireyi ya singano.
Anachokera ku Kharkiv ndi mwana mmodzi ndi sutikesi,
mawu athu ena amawatchulabe mokhotetsa.
A Zdzisław salola namwino wina kuwagwira mkono.
Ndinawakumbutsapo za chitseko chawo chija,
iwo n'kundiyang'ana ngati ndapenga:
"Ameneyu si mlendo. Ameneyu ndi Daryna."

Akumata pulasitala, akulemba manambala,
pomwepo pakanema patuluka nyumba yosanja
yong'ambika pakati ngati buledi,
makatani akuuluka pamene panali khoma.
Dzina la mzinda lalembedwa pansipa.
Cholembera chaima.
Tonse tili ndi maganizo pa nkhondo imeneyi,
tinawanena dzana, tinawabwereza dzulo kunyumba,
koma palibe amene akuwapeza tsopano.
A Zdzisław akufufuza rimoti m'bulangete,
zala zikunjenjemera,
mpaka atulukira pa azanyengo.

Mawa kuzizira, akutero mtsikana wa mapu,
mphepo ichokera kummawa.
"Amanama amenewa," akunong'ona mayi Wiesława.
"Nthawi zonse," akuvomereza a Zdzisław.
Aka n'koyamba chaka chino kumvana.

Daryna wamaliza kulemba nambala ija.
Akufunsa ngati wina akumva chizungulire.
Magazi anga akutuluka, kuzungulira, kubwerera,
kwatsala ola limodzi ndi mphindi khumi,
ndipo wa takisi wonditenga madzulo ano
naye ali ndi zoti andiuze za misonkho.